Kuwonjezera chipinda panyumba: kodi chilolezo n'chofunikadi?

Mayi wa Ana Anayi:
Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru. Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri zogona, ndipo ana akula, mtsikana sangamagonenso chipinda chimodzi ndi alongo ake. Tikufuna kuwonjezera chipinda chimodzi kumbuyo, cha mamita 3 mulifupi ndi mamita 4 mulitali. Puloti ndi yathu, mapepala tili nawo, nyumbanso inamangidwa ndi pulani yovomerezeka. Mmisiri akuti tingoyamba kukumba, chilolezo ndi cha anthu omanga nyumba yatsopano. Bambo akunyumba agwirizana naye. Ine mtima sukukhazikika. Kodi chipinda chimodzi chokha chimafunadi chilolezo?

Mwini Nyumba za Lendi:
Mayi, mmisiri wanuyo sakunama kwenikweni. Tayang'anani nyumba zozungulira pamene mukukhalapo. Ndi zingati zomwe zidakali monga zinajambulidwira? Wina anatseka khonde, wina anawonjezera khitchini, palibe amene anawagwetsera. Mukapita ku ofesi mukangodziputira ntchito: mafomu, mapulani, kudikira, uku mvula ikuyandikira. Malo ndi anu, mangani.

Agogo Opuma Pantchito:
Achimwene a nyumba za lendi, musawasocheretse mayiwa. Ine ndinakalambira mu ofesi yoona za mapulani, ndiye ndilankhulepo.

Mayi, yankho lalifupi ndi lakuti inde. Pafupifupi kulikonse komwe kuli khonsolo yoyang'anira zomangamanga, chipinda chokhala ndi maziko ake, makoma ake ndi denga lake ndi chimango chofunika kuvomerezedwa, ngakhale chikhale chophatikiza ku nyumba yakale. Pulani imene inavomerezedwa ija inali ya nyumba ya zipinda ziwiri. Mukawonjezera chachitatu, nyumba yomwe ili pansi siyofanananso ndi yomwe ili m'kaundula.

Anthu ambiri sadziwa kuti mafunso amene ofesi imafunsa ndi awiri, ndipo ndi osiyana. Loyamba ndi lakuti: kodi chinthuchi chiyenera kukhala pamenepa? Apa amayang'ana mtunda wochokera pakhoma kufika m'malire, gawo la puloti lomwe laphimbidwa ndi nyumba, kutalika kwa chimango, malo osungira msewu, ndiponso ngati chipindacho ndi chogona kapena mukufuna kutsegulamo shopu. Lachiwiri ndi lakuti: kodi chimangidwa bwino, sichivulaza munthu? Apa ndi pa maziko, makoma, denga, mazenera, magetsi, madzi oipa ndi moto. M'mayiko ena mafunso awiriwa amayankhidwa ndi pepala limodzi, m'mayiko ena ndi mapepala awiri ochokera m'maofesi awiri. Koma mafunsowo ndi omwewo. Kukhala mwini malo sikuyankha ngakhale limodzi mwa awiriwa.

Mayi wa Ana Anayi:
Zikomo agogo. Ndiye tikapita tinyamule chiyani?

Wojambula Mapulani:
Ndiyankhe ine, mayi, poti ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Musayambe ndi kujambulitsa. Yambani ndi kupita kukafunsa, mutanyamula pulani yakale ija ndi pepala la umwini wa malo. Mukawafunse malire omwe amalola kumbuyo ndi m'mbali mwa puloti yanu, ndi gawo lomwe mukuloledwa kuphimba. Kufunsako kumakupulumutsani kujambulitsa kawiri.

Kenako ndiye pulani. Imayenera kusonyeza puloti yonse ndi malire ake, nyumba yakale pamene yakhala, chipinda chatsopano ndi mtunda wake kufika m'malire, mapaipi a madzi oipa ndi thanki ya kuchimbudzi ngati ilipo. Pamakhalanso chojambula cha mkati, nthawi zambiri pa sikelo ya 1:100, maonekedwe a kunja mbali zonse zomwe zisinthe, ndi china chosonyeza chimangocho chitadulidwa kuchokera kudenga mpaka kumaziko, kuti aone kuzama kwa maziko, kukhuthala kwa khoma ndi mmene denga latsopano likumanire ndi lakale. Zakale ndi zatsopano timazisiyanitsa ndi mitundu kuti woyang'ana asavutike. Pamwamba pa izo pali fomu, umboni wa umwini, ndi ndalama yolipira kuti aunike. Ngati pali kuboola khoma lonyamula denga kapena dothi ndi lovuta, amafunanso mawerengero a injiniya.

Funso langa kwa inu ndi ili: khoma lakumbuyo lomwe mukufuna kuphatikizapo chipindalo, lili ndi zenera?

Mayi wa Ana Anayi:
Eya lilipo. Ndi zenera la chipinda cha anyamata. Mmisiri anati tilitseke ndi njerwa.

Wojambula Mapulani:
Ndipo chipinda cha anyamatacho chili ndi zenera lina?

Mayi wa Ana Anayi:
Ayi, ndi lomwelo basi.

Wojambula Mapulani:
Ndiye mwaona, mayi. Mukanamanga monga ananenera mmisiri, mtsikana akanapeza chipinda chabwino, anyamata atatu n'kutsala m'chipinda chopanda kuwala, chopanda mpweya, chotulukira khomo limodzi. Izi ndimaziona kawirikawiri: maso onse amakhala pa chipinda chatsopano, chakale chikuphedwa. Chipinda chotere masana muyatsa getsi, zovala zimanunkha nkhungu, khoma la pakona limada. Choopsa kuposa zonse ndi usiku moto utabuka pakhomo. Palibe woyang'ana mapulani wodziwa ntchito amene angadinde pulani yotere. Njira zilipo: kusuntha chipinda chatsopano kuti chisaphimbe zeneralo, kapena kuboola zenera lina pakhoma la m'mbali ngati malire akulola.

Mlongo Wokhala Kunja:
Ndiwonjezere pa zomwe anena agogo, chifukwa malamulo amasiyanadi. Ku England kuli zowonjezera zina zomwe munthu amamanga osapempha chilolezo cha funso loyamba lija. Chipinda chakumbuyo chosasanjikiza chikhoza kutuluka mamita 3 kuchokera pakhoma lakumbuyo ngati nyumba ndi yolumikizana ndi ina, kapena mamita 4 ngati ndi yoima payokha, bola chisatalike kupitirira mamita 4 ndipo zomangidwa zonse zisaphimbe kupitirira theka la malo ozungulira nyumba yoyambirira. Ndiye wina akamva zimenezi amati kumeneko samapempha. Koma funso lachiwiri lija silithawika. Woyendera amabwerabe kudzaona maziko, ngalande, denga, ndipo pomaliza amapereka setifiketi. Pogulitsa nyumba, loya wa wogula amaifunsa setifiketiyo.

Injiniya wa Zomangamanga:
Achemwali anena zoona. Ndipo mukayika malamulo a mayiko osiyanasiyana pamodzi, manambala amasiyana pang'ono koma nkhawa ndi imodzi. Buku la malamulo lomwe madera ambiri a ku America amatsata, International Residential Code, limati chipinda chokhalamo anthu chisachepere masikweyamita 6.5, galasi la mazenera lisachepere 8 peresenti ya kukula kwa pansi, ndipo gawo lotseguka lisachepere 4 peresenti. Chipinda chogona chimayenera kukhala ndi potulukira pangozi, zenera loti munthu wamkulu n'kudutsapo, ndipo lisakhale pamwamba kupitirira mita imodzi ndi masentimita 12 kuchokera pansi. Ku South Africa muyezo wawo umati masikweyamita 6, kuwala 10 peresenti, mpweya 5 peresenti, denga lamkati mamita 2.4. Chipinda cha mayiwa ndi cha masikweyamita 12, pa kukula palibe vuto. Pa muyezo wachiwiriwu zenera lake liyenera kukhala la masikweyamita 1.2 kapena kuposerapo, theka lake lotseguka. Kazenera kakang'ono kogula chifukwa n'kotchipa sikangakwane.

Ndinenenso za mabagala, zitsulo zotchinga mazenera zija. Ngati zenera ndi lothawirapo, chitsulo chowotcherera chosatseguka chimalisandutsa khoma. Pali zotsegukira mkati, funsani owotcherera.

Mwini Nyumba za Lendi:
Zonsezo ndi zabwino pa pepala, bwana injiniya. Koma tinene zoona. Ine ndinaperekapo mapulani ku ofesi ina, ndinadikira mpaka nyengo inasintha. Ukapita amati fayilo ili kwa bwana, ukabweranso amati komiti sinakumane. Kenako wina anandikokera pambali n'kundiuza kuti pali njira yofulumizitsa. Ndinakana, koma ndi anthu angati amene amakana? Munthu wosauka wofuna chipinda cha mwana wake mukumuuza akalowe m'zimenezi. Ndicho chifukwa anthu amangomanga. Si kuti ndi mbuli.

Agogo Opuma Pantchito:
Apa ndiye sindikutsutsani, achimwene. Zimene mwanenazo zimachitika, ndipo zimandipweteka chifukwa zimanyozetsa ntchito yomwe inakhazikitsidwa kuti iteteze anthu. Ofesi ikamachedwetsa mapulani a chipinda chimodzi miyezi ndi miyezi, ndiyo imene ikuphunzitsa anthu kumanga mobisa.

Koma pali zomwe munthu angachite. Perekani mapulani pa kauntala, osati m'manja mwa munthu panja. Lipirani ku ofesi yolandira ndalama, tengani lisiti ndi nambala ya fayilo, ndipo tsiku lolandirira lidindidwe pa kope lanu. Mukamatsatira, lembani kalata yotchula nambalayo, isiyeni ndipo akusainireni. Malamulo ambiri amaika nthawi yomwe ofesi iyenera kuyankha. Ku South Africa, lamulo la 1977 la zomangamanga limapatsa khonsolo masiku 30 pa chimango chochepera masikweyamita 500, ndi masiku 60 pa chachikulu. Ku England pempho la mwini nyumba liyenera kuyankhidwa m'masabata 8. Funsani nthawi ya kwanuko, ndipo itchuleni m'kalata. Akakukanirani, akupatseni zifukwa polemba, chifukwa nthawi zambiri pamakhala njira yochitira apilo, ndipo zifukwa zambiri zimakhala zotheka kuzikonza pa pulani pomwepo.

Njira yofulumizitsa ija ili ndi msampha wake. Chidindo chopezeka mwamseri nthawi zina sichilowa m'kaundula. Mumakhala ndi pepala m'nyumba, koma ku ofesi kulibe fayilo. Tsiku lomwe mudzalifune pepalalo, mudzapeza kuti silikugwira ntchito.

Mmisiri Wakale:
Ndakhala chete ndikuwerenga. Ndiyankhulireko amisiri anzanga, ngakhale mnzangayu sindikugwirizana naye. Mmisiri akamati tingoyamba, kawirikawiri si kuipa mtima. Ntchito ikachedwa iye sadya, ndipo akuopa kuti mukapita ku ofesi mubwerako ndi mmisiri wina. Koma mayi, dziwani kuti chikalata choimitsa ntchito chikabwera, chimalembedwa dzina lanu, osati lake. Chindapusa ndi chanu. Akalamula kugwetsa, njerwa zogwa ndi zanu. Iye adzakhala atanyamula zida zake ali pantchito ina.

Ine ndimakonda kuti woyendera abwere, ndipo ndinene chifukwa chake. Pa chimango chonse, chinthu chomwe chimakwiririka n'kusaonekanso ndi maziko. Khoma lopindika mukhoza kuliona inu nomwe. Denga lodontha limadziulula mvula yoyamba. Koma dzenje la maziko likathiridwa konkire n'kukwiriridwa, palibe adzadziwe ngati linafika pa dothi lolimba kapena linaimira pa dothi lothira, pomwe kale panali dzala kapena dzenje la zinyalala. Kumbuyo kwa nyumba ndiko kumakhala maenje akale otere. Ukamakumba umaona dothi lasintha mtundu, lada, likutuluka mapulasitiki ndi zibenthu za mabotolo, fosholo ikungolowa yokha. Mwini nyumba ali kuntchito, simenti yafika, anyamata akudikira. Mmisiri wofooka mtima amathira. Woyendera ndi munthu yekhayo amene amaima pa dzenjelo wopanda changu, wosalipidwa ndi mwini nyumba, wosaopa kunena kuti kumbaninso.

Injiniya wa Zomangamanga:
Madala, mwagunda penipeni. Ndipitirize pomwepo chifukwa chipinda chowonjezera chili ndi vuto lomwe nyumba yatsopano ilibe.

Nyumba yakale inakhazikika kale. Dothi la pansi pake linapanikizika zaka zonsezi ndipo linasiya kutsika. Chipinda chatsopano chikubwera pa dothi lomwe silinanyamulepo kanthu, ndiye chidzatsika pang'ono m'zaka zoyambirira. Mamilimita ochepa okha, koma ndi okwanira. Mukalumikiza makoma awiriwa mwamphamvu, kulowetsa njerwa zatsopano m'mano a khoma lakale, mng'alu umabwera polumikizira pomwepo, wotambasuka kumwamba, wopyapyala kumunsi. Mumata, chaka chamawa wabweranso. N'chifukwa chake pa pulani timasonyeza polumikizira pololeza kuyenda: makoma amagwirana ndi tizitsulo, koma pakati pamasiyidwa kampata kotsekedwa ndi zomatira zofewa, kuti chatsopano chitsike osang'amba chakale.

Pa dothi la makande ndiye nkhani imakula. Dothi limenelija limafufuma likanyowa, likauma limanyala n'kung'ambika. Maziko osaya amakwera ndi kutsika nalo chaka chilichonse. Pamenepo pamafunika maziko ozama kapena a zitsulo, ndipo musalole munthu kungoyerekeza ndi maso. Mtengo waukulu pafupi umawonjezera vutoli chifukwa mizu imayamwa madzi mbali imodzi.

China: pokumba moyandikana ndi khoma lakale, musapitirire pansi pa maziko ake mosasamala. Mukalifukula dothi lomwe lawanyamula, mukhoza kung'amba nyumba yomwe inali bwinobwino. Ndipo pepala lotchinga chinyezi pakhoma likhale masentimita 15 kapena kuposa pamwamba pa nthaka ya panja, ligwirizane ndi la nyumba yakale.

Mayi wa Ana Anayi:
Ndikuwerenga zonse, ndawatumiziranso bambo. Iwo akufunsa kuti woyenderayo amabwera kangati, ndipo amabwera yekha kapena timachita kumuitana?

Mmisiri Wakale:
Mumamuitana, mayi, ndipo muzimuuziratu nthawi isanakwane. Kawirikawiri amaona dzenje la maziko konkire isanathiridwe, pansi pasanathiridwe silabu, mapaipi a madzi oipa asanakwiriridwe, mitengo ya denga isanabisike ndi siling'i, ndiye pomaliza. Pepala la chilolezo limatchula magawo ake. Lamulo langa ndi limodzi: chilichonse chomwe chikwiriridwe, chionedwe kaye. Muzijambulanso zithunzi pafoni, tepi yoyezera ili m'dzenje kuti kuzama kuoneke. Kope la pulani yodindidwa lizikhala pamalo a ntchito, osati mu sutikesi.

Mnyamata wa Mapaipi:
Akuluakulu, musaiwale zanga. Kumbuyo kwa nyumba ndi kumene kumadutsa mapaipi ochokera kubafa ndi kuchimbudzi. Ndaitanidwapo kunyumba yomwe chimbudzi chatsekeka, ndikufufuza manhole, kadzenje ka chivundikiro kofikira pa mapaipi, osaipeza, mpaka mwana wa m'nyumbamo anandiuza kuti ili pansi pa bedi. Anamanga chipinda pamwamba pake, n'kuyala matailosi. Tinaswa pansi m'chipinda chogona, ndipo fungo lake sindingalifotokoze. Musamange pa manhole, pa thanki ya kuchimbudzi kapena pa dzenje lomwera madzi. Ngati paipi yaikulu ya suweji ya anthu onse ikudutsa m'puloti mwanu, eni ake ndi a bungwe la madzi kapena khonsolo, ndipo ali ndi ufulu wofikapo nthawi iliyonse. Chimodzimodzi nthambo za magetsi zodutsa pamwamba, zili ndi mtunda wake womwe denga siliyenera kuyandikira.

Komanso chipinda chogona chowonjezera chimawerengedwa kuti ndi anthu owonjezera. Pomwe palibe suweji, amatha kufunsa ngati thanki yanu ikwanira.

Wamagetsi:
Inenso mwachidule. Musakoke waya kuchokera pa soketi ya chipinda choyandikana n'kumati mwamaliza. Wamagetsi wa chiphaso aone ngati bolodi ili ndi malo, ngati waya ndi wa saizi yoyenera, ngati earth, waya woteteza wopita munthaka, ilipo, ndipo akupatseni pepala losonyeza kuti wayeza. Kachipangizo kolira kakamva utsi n'kotchipa poyerekeza ndi moyo wa mwana, ikani m'chipindamo ngakhale lamulo la kwanu lisakukakamizeni.

Wogula Nyumba Kumene:
Funso langa ndi losiyana pang'ono, mundikhululukire mayi polowa pa nkhani yanu. Ndagula nyumba, ndipo poyerekeza ndi pulani ndapeza kuti chipinda chimodzi ndi khonde lotsekedwa palibe papepala. Anamanga ndi amene anandigulitsa. Vuto ndi langa kapena lawo?

Agogo Opuma Pantchito:
Mwanawe, m'malamulo ambiri vutoli limatsata nyumba, ndiye tsopano lili m'manja mwanu. Ngati pali chonena ndi wogulitsa, zimenezo ndi za inu ndi loya wanu malinga ndi mgwirizano womwe munasainirana. Koma ofesi imalankhula ndi mwini wa lero.

Musaope, njira ilipo. Makhonsolo ambiri amalola kupempha chilolezo cha chomangidwa kale. Wojambula amayeza zomwe zilipo n'kuzijambula monga ziliri, mumapereka, nthawi zambiri ndi chindapusa pamwamba. Chowawa n'chakuti woyendera sanaone maziko, ndiye akhoza kukuuzani mukumbe pambali pa khoma kuti awaone, kapena mutsegule siling'i, kapena mubweretse lipoti la injiniya. Chikakhala kuti chinamangidwa bwino ndipo sichinalowe m'malire, chimavomerezedwa. Chikalowa m'malo a msewu, pa paipi ya anthu onse kapena m'puloti ya mnzanu, pamenepo ndi pomwe kugwetsa kumabwera. Kupita nokha kuli bwino kuposa kudikira kalata.

Mwini Nyumba za Lendi:
Agogo, nanga si ndiye kukadziulula kumeneko? Akakudziwa amakukwezera msonkho wa nyumba.

Agogo Opuma Pantchito:
Zoona, komwe msonkho umatengera mtengo wa nyumba, nyumba ikakula msonkho umatha kukwera. Sindibisa. Koma ikani mbali inayo pasikelo. Mukafuna ngongole ku banki, woyesa mtengo amayerekeza nyumba ndi pulani, ndipo chipinda chosavomerezeka akhoza kusachiwerengera kapena kuimitsa zonse. Moto ukabuka, a inshuwalansi akhoza kufunsa ngati munawauza za chowonjezeracho. Wogula wochenjera amatsitsa mtengo kapena kuchoka. Ndipo inu achimwene muli ndi anthu a lendi. Denga la chipinda chosavomerezeka likagwera mwana wa munthu, funso loyamba m'khoti lidzakhala loti ndani analoleza kuti mumange.

Nkhaniyi ndi yakale kwambiri. M'malamulo a Hammurabi, mfumu ya ku Babulo ya zaka za m'ma 1750 Yesu asanabadwe, munalembedwa kuti nyumba ikagwa n'kupha mwini wake, mmisiri aphedwe. Ku London moto wa 1666 unapsereza nyumba zoposa 13,000, zambiri zamatabwa zothinana, ndipo lamulo lomwe linatsatira linati nyumba zimangidwenso ndi njerwa kapena miyala. Mtunda wa pakati pa khoma ndi malire womwe anthu amadandaula nawo lero, mbali ina unabadwira m'moto ngati umenewo. Umathandizanso kuti madzi a padenga panu asagwere kwa mnzanu, ndiponso kuti munthu athe kudutsa ndi makwerero pokonza khoma.

Woyang'anira Gulu:
Ndachotsa uthenga wa munthu amene amalonjeza kupezera anthu zidindo mwachangu. Pagulu pano ayi. Pitirizani, nkhani ikuyenda bwino.

Mlongo Wokhala Kunja:
Pa za aneba, mayi, muwauze musanayambe, ngakhale lamulo lisanene. Madandaulo ambiri omwe amafika ku ofesi amachokera kwa munthu wa tsidya la mpanda amene anangodzuka n'kuona zenera likuyang'ana m'bafa mwake. Muwaonetse pulani, muwauze tsiku loyamba ntchito. Ndipo fufuzani mabikoni a puloti yanu. Mpanda sikuti nthawi zonse unamangidwa pamalire enieni.

Mtsikana wa Lendi:
Nanga ife okhala m'nyumba za eni? Alandilodi anandiuza pakamwa kuti ndikhoza kutseka galaja likhale chipinda, ndalama tidzachotsera pa lendi.

Wojambula Mapulani:
Achemwali, za pakamwa ayi. M'madera ambiri pempho la chilolezo limafuna siginecha ya mwini malo, ndiye popanda iwo simungapemphe n'komwe. Mgwirizano wa ndalamazo ulembedwe, chifukwa chomangidwa chimatsalira mwini nyumba inu mukadzasamuka. Ndipo kusandutsa galaja kukhala chogona kumafunanso chilolezo m'madera ambiri, ngakhale simukukumba maziko atsopano. Pansi pa galaja nthawi zambiri pamakhala potsika ndiponso popanda chotchinga chinyezi, mazenera mulibe, ndipo khoma lotseka pomwe panali chitseko chachikulu limafuna pokhazikika pake. Izi zikukhudzanso amene nyumba yawo ili pa ngongole ya banki kapena pa malo obwereka kwa zaka zambiri: werengani mgwirizano wanu, kawirikawiri umati mupemphe kaye kwa iwo musanasinthe chimango.

Mayi wa Ana Anayi:
Ndabwera kudzakuuzani. Tinapita ku ofesi ndi bambo, titanyamula pulani yakale. Anatiuza kuti chilolezo chikufunika, ndipo atayeza papepala anapeza kuti mamita 4 aja akanalowa m'mpata womwe uyenera kutsala kumbuyo. Akuti tichitembenuze chipindacho, mbali yaitali igone motsata khoma la nyumba, chisunthire kumbali ya khitchini kuti zenera la anyamata litsale. Tapeza wojambula. Bambo akufunsa chinthu chimodzi: chilolezo chikatuluka ndalama zisanakwane, chimatha ntchito?

Agogo Opuma Pantchito:
Chimatha, mayi, mukapanda kuyamba. Nthawi yake imasiyana kwambiri: ku England ndi zaka 3, ku South Africa miyezi 12, m'buku la ku America lija masiku 180. Tsiku limalembedwa pa chilolezo pomwepo, ndipo mukaona kuti simukwanitsa, pemphani kuti akuwonjezereni nthawi isanathe. Mukasintha maganizo pakati pa ntchito, monga kukulitsa chipinda kapena kuwonjezera bafa, bwererani ndi pulani yosinthidwa musanamange. Mukamaliza musaiwale kuitana woyendera komaliza kuti akupatseni setifiketi yolowera. Ambiri amaiwala imeneyi chifukwa bedi lalowa kale. Isungeni pamodzi ndi mapepala a malo.

Mayi wa Ana Anayi:
Zikomo agogo. Lotsiriza kwa a injiniya: khomo lolowera m'chipindacho tiboola pakhoma lakumbuyo. Mmisiri akufuna ayambe ndi kuboolako kuti azidutsapo ndi zipangizo.

Injiniya wa Zomangamanga:
Ayi mayi, kuboola kukhale kumapeto, chipinda chitafoleredwa ndipo zenera ndi loikidwa kale. Mukatero nyumba yanu imakhala yotseka nthawi yonse ya ntchito, fumbi, mvula ndi akuba zili panja. Zipangizo azizungulira nazo.

Ndipo khoma lakumbuyolo ndi lakunja, mwachidziwikire lanyamula denga. Poboola, ayambe wachirikiza kumwamba ndi zitsulo zochirikizira, aboole kaye malo a lintel, mtanda wonyamula khoma pamwamba pa khomo, ayiike itakhala masentimita 15 kapena kuposa pa njerwa mbali iliyonse, atseke bwino mpata wa pamwamba pake ndi matope a simenti, adikire ziume, ndiye achotse njerwa za m'munsi. Adule m'mbali ndi makina odulira, asamenye ndi hamala yaikulu, chifukwa kugwedezako kumamasula njerwa zomwe lintel ikhalepo. Ngati lintel ndi yothira pomwepo, konkire imafika mphamvu yake yoyembekezeka pa masiku 28, ndiye zochirikiza zisachotsedwe mawa lake chifukwa choti zikufunika kwina. Asanadule, wamagetsi ndi wamapaipi aone ngati m'khomamo simukudutsa waya kapena paipi, makamaka poti mwasunthira kumbali ya khitchini. Uzani wojambula wanu kuti khomolo ndi lintel yake zioneke pa pulani, kuti woyendera adzazionenso zisanapakidwe pulasitala.